A Lapukeni ndi Milamba Yawo Yonenepa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, kunkakhala bambo wina dzina lawo a Lapukeni. Bambo ameneyu anagwira ntchito ya ukhukhi pa sukulu ina yogonera pompo kwa zaka zoposa makumi awiri. Ana amene anaphunzira pa sukulu imeneyo, ena lero ali ndi imvi, koma mukangotchula dzina la a Lapukeni amayamba kumwetulira musanamalize n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti bamboyo anali ndi dzanja lolemera. Mwana akaima pa mzere ndi mbale yake n'kuwayang'ana ndi maso achisoni, chipande cha nyemba chinkabwereza chokha. Ahedi ankadandaula kuti nyemba za mwezi wathunthu zikutha pa masabata atatu. A Lapukeni ankangoyankha kuti, "Bwana, mwana wanjala samva masamu." Kwa iwo chikondi chinali ndi nkhope imodzi basi: mbale yodzaza mpaka kutayikira.

Atapuma pa ntchito anabwerera kumudzi kwa akazi awo, a Nangondo. Kumunsi kwa nyumba yawo kunali dambo la kasupe wosaphwa ngakhale mu Okutobala. Mabanja khumi a m'deralo anali atapanga kalabu ya alimi a nsomba, ndipo ambiri ankaweta milamba. Koma anali ndi vuto limodzi lalikulu, vuto la mbewu. Tiana ta milamba toti aike m'madamu mwawo ankakatitenga kutali, pa njinga, m'zidebe. Pofika kumudzi, theka linkakhala litayandama, mimba m'mwamba.

Tsiku lina pa msonkhano wa kalabu, anthu anagwirizana kuti mmodzi mwa iwo azisunga nsomba zamakolo, ndiye kuti milamba ikuluikulu yoti iziswana, kuti mbewu izipezeka pakhomo pomwepo. Funso linali lakuti, ndani?

A Lapukeni anaimirira, n'kukonza chipewa chawo.

"Abale, ine ndadyetsa ana mazana atatu tsiku ndi tsiku, m'mawa, masana ndi madzulo. Ndingalephere kudyetsa nsomba khumi?"

Anthu anaomba m'manja. Nkhani inathera pomwepo.

Nsomba khumizo, zazikazi zisanu ndi imodzi ndi zazimuna zinayi, anakazitenga kwa mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, Abiti Sanudi. Mayi ameneyu anali wochepa thupi, wolankhula pang'ono, koma anali ataswetsa milamba kwa zaka zambiri. Pamene ankaika nsomba zija m'mabeseni anayamba kufotokoza.

"Tsono akhukhi, pa nkhani ya kadyetsedwe kake..."

A Lapukeni anakweza dzanja. "Mayi, zina zonse ndiphunzitseni. Koma za chakudya, pepani. Imeneyo ndiye ntchito imene yandimeretsa imvi."

Abiti Sanudi anawayang'ana kanthawi, n'kumwetulira. "Chabwino, akhukhi. Muyende bwino."

Abale anga, nsomba sizinakhalepo pabwino ngati mmene inakhalira milamba ya a Lapukeni. Anaipatsa mayina a kusukulu kuja. Waukazi waukulu kwambiri, wa ndevu zazitali, anali a Metironi. Wamphongo wolusa anali Ahedi. Panalinso a Bosa, dzina la msungichuma wa sukulu, amene ankafika pa chakudya anzawo onse asanafike. M'mawa a Lapukeni ankatsikira kudamu ndi ndowa ya madeya. Dzuwa likafika pamutu, chinangwa chophika. Likapendeka, mbatata ndi mkute. Madzulo, madeya enanso. Kukakhala ukwati kapena chinkhoswe m'mudzimo, iwo ankabwerako ndi zotsala zonse, mpunga wamafuta, zikopa za nkhuku, chilichonse. Akafika m'mbali mwa damu ankagogoda ndowa katatu ngati belu la kusukulu, ndipo madzi ankawira. Milamba inkatulukira, ndevu pamwamba, kukamwa yasa.

"Idyani ananu, idyani! Pano palibe wokuwerengerani."

A Nangondo ankaona zonsezi ataima pakhonde.

"Bambo, nkhuku zanga zayamba kundiyang'ana ndi diso loipa. Madeya onse akuthera kudamu."

"Nkhuku zili ndi miyendo, zipalase. Nsomba zanga zipalasa kuti?"

Chakudya chimene milamba inkalephera kumaliza chinkamira n'kumavunda pansi. Madzi anada, ndipo mphepo ikawomba kuchokera kudambo, kafungo kankafika mpaka pakhomo. A Lapukeni sankamva. Iwo ankangoona misana ya nsomba zawo ikukula, yonyezimira, yonona. Anthu odutsa ankaima n'kugwira pakamwa. "Koma ndiye ndi milamba! Ngati ntchafu ya munthu!" Mtima wa a Lapukeni unkadzaza.

Miyezi inapita, mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa phiri. Nthawi ya mvula ndiyo nthawi imene milamba imaswana. A mukalabu anakonza madamu awo. Anachotsa matope, anamata ming'alu, anathira manyowa. Mayi wina wamasiye, mayi Feliya, amene anali asanawetepo nsomba, anakumba damu lake loyamba yekha, ndi khasu, miyezi iwiri yathunthu, manja mpaka kuchita matuza. Anati chaka chino nayenso ana ake alawe nsomba ya pakhomo.

Mvula itagwa sabata yathunthu, anaitana Abiti Sanudi kuti adzathandize kusankha nsomba zokhwima mazira. Kalabu yonse inabwera. A Lapukeni anavala malaya oyera. Amuna anakoka ukonde, ndipo woyamba kutuluka anali a Metironi, mimba ili ngati dzungu. Anthu anakuwa ndi chimwemwe.

Abiti Sanudi sanakuwe nawo. Anakulunga mutu wa mlambawo ndi chiguduli chonyowa, anaugoneka chagada, n'kusisita mimba yake ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, kulowera kumchira. Mlamba wokhwima mazira mimba yake imakhala yofewa, ndipo ukangosisita chonchi timazira timatuluka tokha. Koma apa sipanatuluke kanthu. Anatenga wachiwiri. Palibe. Wachitatu, wachinayi, chimodzimodzi. Wachisanu anatulutsa timazira towerengeka, totuwa, tamadzimadzi.

Mayi uja anapukuta manja pa chitenje chake.

"Akhukhi, mimba izi si za mazira. Ndi mafuta."

"Mafuta? Mayi, taonaninso bwino. Mimba yonseyi?"

"Yonseyi."

A Lapukeni sanakhulupirire. Anati nsomba zachita manyazi ndi chigulu cha anthu. Anaika zazimuna ndi zazikazi m'kadamu koswetsera, anadikira. M'mawa mwake munalibe dzira ngakhale limodzi. Anayesanso sabata yotsatira, osaphula kanthu. Pa ulendo wachitatu mlamba wina waukazi unavulala mu ukonde, ndipo anangoti auphe, ukhale ndiwo. A Nangondo atautumbula anaitana amuna awo.

"Bambo, tabwerani muone."

M'mimba monse munali mafuta achikasu, nthulinthuli, atakuta chiwindi ndi matumbo. Thumba la mazira linali kakang'ono, kofota, kobisika kuseri kwa mafutawo.

"Ndi mmene imakhalira nkhuku yonenepa imene yasiya kuikira," anatero a Nangondo motsitsa mawu.

A Lapukeni anayang'anitsitsa mafutawo. Tsiku limenelo ndiwo zinali zonona, koma iwo sanadye.

Nyengo ya mvula inadutsa. Amene anali ndi mphamvu anakweranso njinga zawo kukafuna mbewu kutali kuja. Ena madamu awo anangokhala choncho. Tsiku lina a Lapukeni anadutsa pa damu la mayi Feliya. Madzi anali odzaza bwino, manyowa atagwira, koma munkasambira mbululu zokhazokha. Mayiyo anali m'mbali mwake akuzula udzu. A Lapukeni anafuna kulambalala, koma mayi Feliya anawaona.

"Mwaswera bwanji akhukhi? Musagwetse nkhope. Achule nawonso ndi zolengedwa za Mulungu, ndikuwasunga bwino."

Ananena akuseka, opanda mangawa. Koma mawuwo anawalasa a Lapukeni kuposa chipongwe.

Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wa njinga yamoto, wogula nsomba zokawamba n'kukagulitsa m'tauni. Anali atamva mbiri ya milamba ya ku Chingale. Ataiona anaimba likhweru.

"Madala, ndigulitseni yonse lero lomwe. Milamba yonona chonchi pamsika sigona. Inu mupume, za kuswetsa nsomba asiyireni ena."

A Lapukeni anamuuza kuti abwerenso Lachisanu.

Anakhala pansi m'mbali mwa damu, chipewa pa bondo. Njira zinali ziwiri. Akanatha kugulitsa, n'kuuza kalabu kuti nsombazo zinali zosabereka chibadwire, ndipo manyazi akanathera pomwepo. Kapena akanatha kuwoloka mtsinje, n'kukaima pamaso pa mayi amene anamudula mawu uja. Njira yoyamba inali yosalala. Yachiwiri inali ndi minga, chifukwa munthu amene wagwira ntchito zaka makumi awiri savomera msanga kuti pali chimene sakuchidziwa pa ntchito yakeyo.

A Nangondo anatsika n'kukhala pambali pawo.

"Bambo, kalabu inakupatsani nsombazi kuti zitani?"

"Kuti ziswane."

"Nanga inu munkazidyetsa kuti zitani?"

A Lapukeni anayang'ana milamba yawo. Kenaka anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wagwidwa.

"Kuti zindikonde."

Lachisanu wa njinga yamoto uja atafika anapeza a Nangondo okha. A Nangondo anamuuza kuti eni nsomba apita kusukulu. Ndipo n'zoona, nthawi imeneyo a Lapukeni anali atapinda buluku, akuwoloka mtsinje. Atafika pakhomo pa Abiti Sanudi anavula chipewa.

"Mayi, tsiku lija munayamba kunena kuti, pa nkhani ya kadyetsedwe kake. Ndabwera kudzamva kumapeto kwake."

Abiti Sanudi anaseka mpaka kugwira nthiti. Anawayalira mkeka, anawapatsa thobwa, kenaka anawatengera kumadamu kwawo. Milamba ya mayiyo sinali yochititsa kaso. Inali yoongoka, yolimba, yothamanga ngati mivi.

"Nsomba ya pamsika mumaidyetsera mnofu," anatero mayiyo. "Koma nsomba yamakolo mumaidyetsera ana amene sanabadwe. Madeya, chinangwa ndi mbatata zimadzaza mimba, koma dzira silimangidwa ndi zimenezo."

Anawaonetsa chakudya chawo. Soya wokazinga n'kugayitsa. Usipa wosweka, uja wotsalira pansi pa dengu umene anthu saufuna, wosinjidwa kukhala ufa. Madeya pang'ono chabe, ongogwirizanitsa. Zonsezo ankazikanda ndi madzi, n'kuumba timibulu tonga nandolo, n'kuyanika pamthunzi. Masiku ena ankaonjezera nyongolotsi ndi mphutsi za pa manyowa, ndipo mvula yoyamba ikagwa, ngumbi. Zazimuna damu lawo, zazikazi damu lawo. Madzi oyera azilowa, akale azituluka. M'nyengo yozizira, nsomba zikachita ulesi, chakudya chichepe. Mvula ikayandikira, usipa uchuluke koma muyeso usasinthe.

"Muyeso wake ndi uti?" anafunsa a Lapukeni.

Abiti Sanudi anatola kachitini kakang'ono, kaja kamakhala ndi tomato wa m'sitolo.

"Kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo. Malo omwewo, nthawi yomweyo."

A Lapukeni anakalandira, anakazunguliza m'manja, anasuzumira m'kati mwake.

"Aka ndi ka nsomba imodzi?"

"Ka zonse."

"Mayi, mukufuna ndikayankhe mlandu kumwamba?"

"Sizifa. Mukathira, khalani pansi mudye nzimbe mfundo ziwiri. Mukamaliza chakudya chikadali pamadzi, dziwani kuti mwachulutsa."

Mukuseka, abale anga? Sekani, ndikubwera kwa inu posachedwa.

A Lapukeni anabwerera kwawo ndi kachitini kaja m'thumba. Anaphwetsa damu, anachotsa matope onunkha, anakumba lina lachiwiri kuti alekanitse zazimuna ndi zazikazi. Zimenezo zinali zophweka. Chovuta chinayamba m'mawa wotsatira. Milamba inali itazolowera mapazi awo. Itangomva mdidi inatulukira yonse, ndevu pamwamba, kukamwa yasa. Iwo anathira kachitini kaja. Kuphethira kamodzi, chakudya chatha. Milamba inakhalabe pomwepo, ikuwayang'ana. A Metironi anafika mpaka m'mphepete, n'kutulutsa mutu wonse.

Munthu amene sanabwezepo mwana wa mbale yopanda kanthu anatembenuka n'kukwera chitunda, osacheuka. Atafika pakhomo maso anali ofiira.

Masabata awiri oyamba anapirira. Sabata yachitatu a Nangondo anawaona akutsikira kudambo masana, nthawi imene sinali ya chakudya, akuyenda chammbali ngati nkhanu. M'mbuyo mwawo munkatsala kamzere koyera, ndipo nkhuku zonse za pakhomo zinali pambuyo pawo, zikujompha.

"Bambo! Thumba la jekete lanu likudontha."

A Lapukeni anaima. Anayang'ana pansi, anayang'ana nkhuku, anayang'ana akazi awo. Kenaka anatembenuza thumba lija n'kukhuthulira madeya onse pansi.

"Ndimafuna ndione ngati nkhuku zanuzi zimandidziwa."

Onse awiri anaseka mpaka misozi. Kuyambira tsiku limenelo sanabenso madeya.

Ntchito inawachulukira kuposa kale. Kudzaza ndowa ndi madeya kunali kosavuta. Tsopano ankayenda kumsika kukapempha usipa wosweka kwa amayi ogulitsa, ankakazinga soya osamupsereza, ankakhala pa mtondo, ankafukula nyongolotsi kuseri kwa khola la mbuzi. Bambo wa imvi, mawondo ali m'manyowa, akutola mphutsi! Anthu odutsa pa damu sankaimanso n'kugwira pakamwa. Milamba inali itaphwa mimba. Ena ankanong'onezana kuti akhukhi asanduka aumbombo. Mu Juni, kuzizira kutafika, nsomba zinamira pansi n'kumadya monyinyirika, ndipo a Lapukeni anaganiza kuti zawakwiyira. Anawoloka mtsinje kawiri kukafunsa. Kawiri konse Abiti Sanudi anawauza kuti, "Chepetsaninso." Iwo ankabwerera akupukusa mutu, koma ankamvera.

Kutayamba kutentha anaona kusintha. Madzi anali oyera bwino, obiriwira pang'ono, opanda fungo. Milamba imene kale inkayandama mwaulesi tsopano inkang'amba madzi. Mvula yoyamba itagwa, a Lapukeni anali pa chulu ndi beseni, kulimbirana ngumbi ndi mbalame.

Tsiku losankha nsomba linafikanso. Ulendo uno sanaitane kalabu, ndipo malaya oyera anatsala m'bokosi. Panali iwo, a Nangondo ndi Abiti Sanudi basi. Ukonde unatulutsa a Metironi. Mimba inali yotupa, koma osati ngati dzungu lija. Abiti Sanudi sanaigwire.

"Sisitani nokha, akhukhi."

A Lapukeni ananyamula mlambawo. Anaika chala pa mimba ija. Inali yofewa ngati papaya wakupsa. Anasisita pang'ono chabe, ndipo timazira tinatuluka, tobiriwira moderako, tonyezimira, tofanana tonse ngati njere za mpiru zonyowa.

"Nangondo! Mazira! A Metironi ali ndi mazira!"

"Ndaona, bambo, musagwetse nsomba!"

Mwa zazikazi zisanu, zinayi zinali zokhwima. Abiti Sanudi anawauza chinthu chomaliza: tsiku loti mawa lake aziika moswetsera, zisadye kanthu, kuti zilowe ndi m'mimba moyera. Tsiku limenelo a Lapukeni sanayandikire n'komwe kudambo. Anakakhala kumunda kwa chimanga, kupalira mizere imene anali ataipalira kale.

Kadamu koswetsera anakakonza ndi madzi ofika m'akakolo, n'kuyalamo mitolo ya udzu ndi ulusi wa khonje. Anaikamo zazikazi ndi zazimuna. Dzuwa litapendeka anatsegula ngalande, madzi atsopano analowa mwamphamvu, n'kukwera mpaka kumiza udzu wonse. Mlamba ukaona madzi akukwera chonchi umati dambo lasefukira, nthawi yakwana.

M'mawa mwake a Lapukeni ananyamula mtolo umodzi wa udzu n'kuuyang'ana pa dzuwa. Kapesi kalikonse kanali ndi timazira tomatirira, mzere ndi mzere, ngati mikanda. Ananyamula khonje, chimodzimodzi. Anabwezera mtolowo m'madzi mosamala ngati akugoneka khanda. Anachotsamo makolo aja msangamsanga, chifukwa mlamba suchedwa kudya mazira ake omwe. Anakuta kadamuko ndi ukonde kuti achule ndi mbalame zisalowe.

Patapita masiku awiri pansi pa madzi panali timichira tosaoneka bwino, tonga ulusi woduka, tikugwedezeka. Patapita sabata kadamu kanada bii. Patapita mwezi ndi theka tinali tiana ta milamba tenitenti, totalika ngati chala, tili ndi tindevu tawo, tikuthamangitsana.

Uthenga unayenda khomo ndi khomo kuti Loweruka aliyense abwere ndi chidebe. Anabwera mabanja khumi a mukalabu, anabwera ndi ena amene sanaitanidwe. Woyamba pa mzere anamuika mayi Feliya. A Lapukeni analowa m'madzi, anatunga ndi sefa, n'kuthira m'chidebe chake. Madzi a m'chidebemo anachita thovu ndi moyo. Mayiyo anasuzumira, anaika chidebe pansi, n'kuimba nthungululu imene inamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Amayi ena analandira. Wina anayambitsa nyimbo, wina anasandutsa beseni ng'oma. Damu la mayi Feliya linali pafupi, ndiye khamu lonse linamuperekeza likuvina, ndipo tiana tija tinalowa m'madzi tonse tamoyo, popanda ngakhale kamodzi koyandama.

A Lapukeni nawo anafuna kuonetsa kuti mwendo ukadalipo. Anavina pamwamba pa khoma la damu, anazungulira kamodzi, kawiri, kachitatu phazi linaterereka, ndipo anagwera m'madzi chagada, khuvuu! Anatuluka matope ali thupi lonse, udzu uli pa khutu, akuseka ngati mwana. Abiti Sanudi, mayi wosalankhulalankhula uja, anakhala pansi chifukwa cha phwete.

Madamu onse a kalabu anadzaza tsiku limenelo, koma tiana tinatsalabe. Sabata yotsatira kunabwera anthu a midzi ina, ena ndi mitsuko, ena ndi zigubu zodula pakamwa. Mabanja anayi amene analibe madamu anagwira makasu n'kuyamba kukumba. Pofika nthawi yokolola chimanga, ana a m'dera lonselo ankadya nsomba ya pakhomo, ndipo ambiri a iwo sankadziwa n'komwe kuti inachokera mwa milamba inayi ya m'dambo la a Lapukeni.

Tsono, abale ndi alongo, ndinati ndikubwera kwa inu. Ndafika.

Mulungu amatidyetsa. Palibe pano amene anganene kuti sanalandire. Mwalandira Mawu ake, mwalandira chikhululukiro, mwalandira mphamvu, ena nzeru, ena manja aluso, ena nyumba ya mtendere. Koma Mulungu satidyetsa kuti tinenepe. Amatidyetsa kuti tibale.

Ena a ife tanenepa. Kulikonse kumene kuli msonkhano wa chitsitsimutso, ife tilipo, mpando wa kutsogolo. Wailesi imalalikira m'nyumba mwathu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Maulaliki tawamva ochuluka moti mlaliki akayamba chiganizo timamalizitsa ndife. Anthu akatiyang'ana amagwira pakamwa, amati koma uyu ndiye Mkhristu. Chikomekome cha mkuyu! Tsiku limene Mwini wake adzaike chala pa moyo wathu n'kusisita pang'ono, padzatuluka chiyani? Ndani amene anali atataya mtima, lero waima chifukwa cha inu? Ndani amene munamukhululukira, ndani munamuphunzitsa ntchito ya manja anu, ndani anayamba kupemphera chifukwa anaona mmene mumakhalira ndi akazi anu, ndi amuna anu?

Ndipo pali ena pano amene chaka chino mukuona ngati Mulungu wakuchepetserani muyeso. Munazolowera ndowa, lero mukulandira kachitini. Mukutulutsa mutu pamwamba pa madzi, kukamwa yasa, ndipo mukuona ngati Iye watembenuka n'kumapita. Musati wasiya kukukondani. Wodyetsa amene amachepetsa muyeso ndi amene amagwada m'manyowa kukufunirani chakudya chenicheni. Iye akuona zimene inu simunazione: miyoyo imene ili m'kati mwanu, yosabadwa, ikudikira nyengo yake.

Choncho lero musatuluke muno mukungonena kuti ulaliki unakoma. Mawu amene mwamva ndi ochepa, akukwanirani. Pitani nawo kwanu, musankhe munthu mmodzi, mmodzi yekha, amene moyo wake uli ngati damu lokumbidwa bwino koma lopanda kanthu. Mukudziwa dzina lake, ena mwakhala naye benchi imodzi. Sabata ino mufikireni. Mvula ya Mulungu yayamba kale kugwa, madzi akukwera, ndipo nthawi yobala ndi ino. Ameni.